Matope a ku Kongo

Benchi yanga ili pansi pa mkasiya, ku Kawale,
pomwe minibasi imatsitsira asilikali Loweruka.
Nkhondo ndimaidziwa kuyambira m'kakolo kutsika pansi.
Za kumtundako, za mapu ndi mapangano,
akudziwa ndi a ku Kapito Hilu,
amene nsapato zawo sizitha chidendene.

Kopolo Dzimbiri anafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo,
n'kuponya jombo pa chiguduli changa.
"Mdala, musoke kawiri. Ulendo ndi wautali."
Ndinati wa kuti?
Anati, "Kukaleretsa ndewu ya eni."
Tinaseka.
Anachoka ndi ngongole yanga ya faifi handiredi.

Patapita masiku ndege inabangula kuchokera ku Lumbadzi.
Ndinali ndi ulusi pakamwa,
sindinayang'ane kumwamba.

Wailesi ya mnzanga wa mayunitsi inkati
mtendere wa mnansi ndiwo mpanda wathu,
mnzako akapsa ndevu m'zimire.
Ndinagwedeza mutu, ndevu nanenso ndili nazo.
Koma zoti wozimayo amapsa zikhatho
wailesi sinanene.

Mkazi wake, Nagama, ankadutsa ndi lisiti la simenti m'manja.
Madola akalowa, khoma ku Chinsapo linkakwera mizere itatu.
Foni ikakhala chete sabata,
ankafunsa mtengo wa zinthu zimene sakugula,
kuti angomva munthu akumuyankha.

Chaka chinatha. Inswa zinatuluka.
Anatulukira wakuda, lamba atabowola bowo lina,
chipewa chobiriwira ngati thambo atachipinda m'thumba.
Anaika jombo zinayi pa chiguduli.
Ziwiri ndinazidziwa, ulusi unali wanga.
Zinazo zinali zazing'ono, sayizi seveni,
zingwe zomangidwa mfundo ya munthu wamanzere.

"Izi n'za Malikebu.
Mwana wake ali Fomu Wani, phazi likukula."
Sindinafunse.
Wosoka nsapato safunsa phazi kumene latsala.

Pomwepo lole ya mchenga inaphulitsa ekizozi.
Kuphethira kamodzi, Kopolo ali pansi pa benchi,
dzanja likufufuza mfuti,
lapeza hamala yanga.
Palibe anaseka,
ngakhale oitanira amene amaseka ndi maliro omwe.
Anadzuka, nasasa mawondo,
nati kobiri linagwa.
Tonse tinawerama kumuthandiza kufuna.

Madzulo ndinapala zidendene za Malikebu ndi msomali.
Munatuluka matope akuda ngati makala,
osati katondo wathu wa ku Lilongwe.
Kuwataya m'ngalande mtima unakana.
Ndinawathira m'chitini chotha polishi
n'kukankhira kuseri kwa tsinde.

Mnyamatayo anabwera Lachinayi, atavala yunifolomu.
Jombo zinamukhuthuka.
Ndinang'amba nyuzipepala yomwe ndimakhalira,
tsamba la mawu a akuluakulu,
lonena za ulemu wa dziko pamaso pa maiko,
n'kulifinyira kuzala.
Zinamukwana.
Anayenda mpaka pa sitolo n'kubwerera,
phazi lamanzere likutayira kunja.
Kopolo anatembenukira ku msewu,
nayamba kuwerenga magalimoto.

Akuti gulu lina likukonzeka.
M'mawa ndimalimva likuthamanga ndi nyimbo,
jombo zatsopano, zosandidziwa.
Zidzandipeza.
Sindikana kuti azipita;
moto wa kutali umabwera ndi mphepo,
ndipo tinaonapo anansi akufika ndi mitolo pamutu.
Ndingoti amene amasaina mapepalawo
adzakhale pa benchi pano tsiku limodzi,
adzanunkhize mkati mwa jombo yobwerako.

Mvula yadontha m'chitini muja sabata ziwiri.
Dzulo ndapeza mwamera kanthu,
timasamba tiwiri, tosongoka, tofiirira kunsi.
Mayi wa masamba akuti si bonongwe, si chisoso.
Wa mankhwala azitsamba wapukusa mutu.
Kalowa m'dziko popanda pasipoti,
kakumwa madzi a ku Kawale.

Kopolo wabwera ndi faifi handiredi ija.
Ndamuuza kuti ndinaiwala.
Wakhala pansi, wayang'ana kambewuko nthawi yaitali,
kenaka wakasuntha pang'ono
kuti kaombedwe ndi dzuwa.